Kukayenda ndi Ana ku Likhubula, Wapansi ndi Panjinga

Ambiri a ife phiri la Mulanje timangolionera pawindo la minibasi. Tikamva zopita kuphiriko timaganiza za azungu obereka zikwama zikuluzikulu, za Sapitwa ndi mamita ake 3,002, za masiku angapo ogona m'tinyumba ta pamwamba, ndiye timangoti zimenezo n'za eni ndalama ndi eni mawondo olimba. Komatu banja wamba, la ana ang'onoang'ono ndi agogo awo omwe, lingathe kucheza tsiku lathunthu m'tsinde mwa phirili, kuviika mapazi m'madzi ozizira, kudyera kamba wake pathanthwe, n'kubwerera kunyumba dzuwa likadalipo. Poyambira pake ndi pa Likhubula, kamudzi kamene kali makilomita pafupifupi 10 kuchokera pa Chitakale, m'mbali mwa msewu wopita ku Phalombe.

Ulendo wa banja sauyeza ndi miyendo ya bambo. Muyang'ane amene ali wamng'ono kapena wofooka kuposa onse, kaya ndi mwana wa zaka zisanu, kaya ndi agogo a nyamakazi, kaya ndi mayi woyembekezera, ndipo mtunda, nthawi yonyamukira ndi pobwererera zikhale za iyeyo. Zonse zimene zalembedwa m'munsimu zatsamira pamenepo.

Miyezi yake

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Sepitembala, ndipo mwayi wake holide yaikulu ya sukulu imagwa mkati momwemu. Mvula imakhala itasiya, njira zauma, koma mitsinje ikadali ndi madzi. Juni ndi Julayi kumazizira, ndiponso ndi miyezi ya chiperoni, kamvula kowaza kaja kobwera ndi nkhungu kuchokera mbali ya ku Mozambique, kamene kamatha masiku awiri kapena atatu osakata. Mukadzuka n'kupeza phiri lafunda nkhungu mpaka m'munsi, sinthani tsiku. Ana sakaonako kanthu, akangonyowa n'kubwerako ndi chimfine. Okutobala ndi Novembala matanthwe amaotcha mapazi. Ngati mpata wanu ndi womwewo, lawirirani m'mamawa kuti pofika masana mukhale muli pamthunzi.

Kuyambira Disembala mpaka Malichi, ine sindingapite ndi mwana kumtsinje wa m'phirimo. Anthu a m'derali sanaiwale napolo wa ku Phalombe wa mu 1991, ndiponso zimene namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023, pamene madzi, matope ndi miyala zinatsetsereka m'mapiri n'kukokolola midzi.

Kufika ndi kupeza wotsogolera

Ochokera ku Limbe akwere galimoto za ku Mulanje, kaya zodzera ku Thyolo kaya za msewu wa Midima, atsike pa Chitakale. Pamenepo pali galimoto zolowera ku Phalombe ndiponso makabaza. Kabaza wa njinga yamoto akakuuzani kuti "kwerani nonse, bwana, tikwana," mukaneni mwaulemu. Kuli bwino kulipira njinga ziwiri kusiyana n'kupanikiza ana awiri pakati pa inu ndi woyendetsa.

Kuchokera pamsewu waukulu mumakwera pang'ono kukafika pachipata ndi pa ofesi ya zankhalango. Phirili ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma kuyambira mu 1927, choncho pali kandalama kolowera, ndipo ndi pomwepo pamene mumapeza otsogolera alendo. Iwowa ali ndi bungwe lawo ndipo amalandira alendo mosinthanasinthana. Mudzakumana ndi anyamata ena pamsewu, musanafike n'komwe pachipata, okulonjezani mtengo wotsika. Dzerani ku ofesi basi, kuti padziwike amene mwapita naye ndi kumene mwalowera.

Ena amati wotsogolera ngwa chiyani paulendo wa ola limodzi. Chifukwa chake n'chakuti m'nkhalangomo muli tinjira tambirimbiri ta otola nkhuni ndi ocheka matabwa, ndipo kanjira kopondedwa kwambiri si kamene kamapita kumathithi a pa Dziwe la Nkhalamba nthawi zonse. Wotsogolera amadziwanso mbali ya dziwe imene ili yosaya ndi mwala umene uli woterera. Mtengo mugwirizane musananyamuke, ndipo mumuuze zoona zake: "Achimwene, tili ndi ana, sitikuthamangira, tikatopa tibwerera panjira." Nthawi ya nkhomaliro ikakwana, nayenso ndi munthu, m'kamba wanu muikemo gawo lake.

Njira ya ku Dziwe la Nkhalamba

Munthu wamkulu woyenda yekha amafika kumathithi mu ola limodzi kapena kucheperapo. Ndi ana, werengerani maola awiri kupita kokha. Njirayi imakwera, mwina pang'onopang'ono mwina molimba ndithu, kudutsa m'mitengo ya mombo ndi masuku, ndipo malo ambiri mumamva mtsinje wa Likhubula ukusokosera chakumunsi. Wotsogolera akhale patsogolo, ana pakati, wamkulu mmodzi kumbuyo kwenikweni. Mwana asapitirire wotsogolera, ngakhale achite makani chotani.

Ana satopa ndi mtunda wokha, amatopanso ndi kunyong'onyeka. Apatseni ntchito. Wina anyamule botolo lake la madzi, wina aziwerenga abuluzi a pamiyala, wina azimvetsera kumene kukulira anyani. Pumani kawirikawiri koma mwachidule, ndipo madzi azimwa asanadandaule ludzu. Akakumana ndi mzere wa linthumbwi wodutsa njira, aulumphe n'kupitirira, asaime kuti aonerere. Aonetseni chitedze adakali kumunsi kuti achidziwe, chifukwa mwana amene wakhudza nyemba zake zaubweya zija ulendo wake wathera pomwepo. Manja asapise m'mphako kapena m'ming'alu ya miyala. Njoka zambiri zimathawa zikamva mapazi, koma wina akalumidwa musacheke bala, musayamwe, musamange mwendo mothinitsa. Mugonekeni, mwendowo usagwedezeke, mumunyamule kutsika naye, ndipo thamangirani kuchipatala cha boma pa Mulanje kapena cha mishoni.

Agogo ndi ana osakwana zaka zinayi sayenera kukafika kumathithi kuti akhale atayenda. Kufupi ndi ofesi ya zankhalango mtsinje womwewo uli ndi timaiwe ndi matanthwe osalala pamene munthu angayale chitenje n'kukhala tsiku lonse. Banja likhoza kugawikana, amphamvu n'kukwera, otsala n'kudikira kumunsi ndi chakudya.

Tsono pofika padziwepo m'pamene kholo liyenera kutsegula maso. Malowo ngokongola: madzi amagwa kuchokera pathanthwe n'kudikha m'dziwe lobiriwira lozunguliridwa ndi miyala ikuluikulu, ndipo ana akangoliona amayamba kuvula malaya. Koma dziwelo n'lakuya, ndipo madzi ake, poti amachokera pamwamba pa phiri, amazizira mobaya m'mafupa ngakhale m'chilimwe. Munthu wozolowera kusambira kunyanja akhoza kuuma miyendo m'madzi amenewa asanafike pakati. Anthu amirapo pamenepa, ena mwa iwo achinyamata amphamvu zawo obwera m'magulu. Choncho ana asewere m'mphepete pamene madzi akulekeza m'mawondo, pamalo amene wotsogolera walozera. Wina asadumphire m'madzi kuchokera pamwala. Amene wamwa mowa asalowemo n'komwe, ndipo kunena zoona mowa ulibe malo paulendo wa ana.

Musamangoti "tonse tikuwaona anawa." Gawanani mochita kutchula: mayi ayang'ane uyu, azakhali uyo, bambo awo awiriwo. Wofuna kujambula zithunzi ayambe wapereka mwana wake m'manja mwa wina. Mwala wonyowa wokhala ndi ndere umaterera ngati therere, ndipo powoloka pamalo otere n'kwabwino kukhala pansi n'kukhwekhwereza kusiyana n'kuyenda chilili mutabereka mwana.

Chinthu china chimene alendo ambiri sachidziwa n'chakuti mvula ikhoza kugwa pamwamba pa phiri inu kumunsi kukuwala dzuwa. Phirili ndi lamwala, silimwa madzi msanga, ndiye onse amathamangira m'makwawa nthawi imodzi, ndipo paja madzi saiwala khwawa. Mukaona madzi oyera aja ayamba kuda, akubwera ndi masamba ndi timitengo, kapena mkokomo wa mathithi ukukula, tulutsani ana nthawi yomweyo n'kukwera kumtunda. Nsapato ndi mapoto zisiyeni. Mukapezeka kuti muli tsidya lina, dikirani. Mitsinje ya m'phiri imadzaza msanga ndipo imaphwanso msanga.

Ana akadya n'kukhala phee, pemphani wotsogolera awasimbire za malowo. Adzamva za nkhalamba zimene akuluakulu amati zinkaoneka padziwepo, za mizimu yokhala m'phirimo, za chakudya chimene munthu amati akachipeza panjira adye yekha osaitana mnzake. Kaya inu mumakhulupirira kaya ayi, musaseke pamaso pa eni dera. Kwa Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe ozungulira phirili malo amenewa ngolemekezeka, ndipo n'chifukwa cha chikhalidwe chomwecho bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2025.

Nthawi yobwerera muikhazikitse musananyamuke. Mu Juni dzuwa limalowa 5 koloko itangopitirira pang'ono, ndipo m'nkhalango mdima umafulumira kuposa pamenepo. Ikamakwana 2 koloko yambani kutsika. Anthu ambiri amagwa potsika, miyendo itatopa, ana akuthamangira kutsogolo.

Zonyamula

Madzi akumwa achokere kunyumba, owiritsa kapena othira mankhwala, malita awiri munthu wamkulu aliyense ndi lita imodzi mwana aliyense. Kamba akhale wosasasa msanga ndiponso wosafuna moto: mbatata yophika, chinangwa, zitumbuwa, chigumu, mazira owiritsa, mtedza wokazinga. Nthochi ndi nanazi mugula konko, pa Chitakale kapena m'mbali mwa msewu, ndipo nanazi za ku Mulanje sizifuna wozinenerera, ingokumbukirani kampeni. Mpunga wa nyama wophikidwa usiku n'kutsekeredwa m'kontena mpaka masana ndi umene umatsegula ana m'mimba pobwerera.

Kumapazi, nsapato zotseka zokhala ndi mapazi a raba, zimene mwana wazivalapo kale. Nsapato yatsopano imatulutsa matuza, ndipo patapata amaduka pamalo okwera. Mwana aliyense akhale ndi juzi ndi zovala zina zouma zokulungidwa mujumbo. Onjezani zitenje ziwiri, chifukwa chitenje ndi mphasa, ndi thaulo, ndi mbereko ya mwana wotopa, ndiponso chomangira bondo lobinya. Pulasitala, paketi ya Thanzi, tochi, ndi ndalama zosinthasintha zimakwana m'kathumba kamodzi. Foni ikhale yodzaza moto, komabe musaidalire, chifukwa m'makwawa netiweki imasowa. Uzani wina wotsala kumudzi kumene mwapita ndi nthawi imene akuyembekezereni.

Zinyalala zonse zibwerere nanu mujumbo, ngakhale matewera a mwana. Sopo asalowe mumtsinje, ndipo wofuna kudzithandiza apite kutali ndi madzi n'kukwirira. Midzi ya kumunsi imamwa madzi omwewo, ndipo kuyambira mu 2019 mtsinje wa Likhubula umapatsanso madzi anthu a ku Blantyre kudzera m'mapaipi a Blantyre Water Board. Moto musasonkhe paliponse. Lupsa la mu Sepitembala limayamba ndi kamoto kootchera chimanga.

Pachipata mudzapeza ogulitsa ziboliboli, ndodo ndi timabokosi tonunkhira bwino. Fungo limenelo nthawi zambiri ndi la mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, umene mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko lapansi koma m'phiri lomweli, ndipo watsala pang'ono kutheratu chifukwa chodulidwa mozembera. Anthuwo akufuna kudyetsa ana awo, zimenezo n'zomveka. Agulireni ndodo kapena chosema cha mtengo wina; cha mkungudza chisiyeni.

Za njinga

Banja lokhala ndi njinga lili ndi njira zitatu zosankhapo. Yoyamba ndi msewu wa tala wochoka pa Chitakale kukafika pa Likhubula, phiri lili kudzanja lamanja ulendo wonse. Ana a zaka khumi kupita m'tsogolo amaukwanitsa, kupumira panjira. Mukafika, njinga muzisiye m'manja mwa mlonda pa ofesi kapena pamalo ogona alendo, mutazikhoma loko ndiponso mutagwirizana naye. Koma musaphatikize kupalasa makilomita 20 ndi kukwera kumathithi tsiku limodzi ngati muli ndi ana. Wofika panjinga akhutire ndi timaiwe ta kumunsi.

Yachiwiri ndi kupitirira pa Likhubula kulowera ku Phalombe, kumene mumaona bwino khoma la Chambe, thanthwe loima chilili lotalika mamita pafupifupi 1,700. Palasani mpaka wamng'ono ayambe kutsalira, kenako tembenukani. Mabwinja a Fort Lister, linga limene linamangidwa mu 1893 pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi pofuna kutseka njira ya ogula akapolo, ali mbali yomweyo koma kutali. Amenewo ndi a tsiku lina, pagalimoto.

Yachitatu, imene ine ndimaiona yoyenera ana kuposa zonse, ndi misewu yadothi ya m'minda ya tiyi yozungulira Chitakale ndi boma la Mulanje. Tiyi wakhala akulimidwa kuno kuyambira m'zaka za m'ma 1890, ndipo misewu ya m'mindamo ndi yotakata, yopanda maminibasi. Koma ili ndi eni ake. Pemphani kwa alonda pachipata musanalowe, ndipo akakana musakangane nawo. Ana asathyole tiyi kapena kulowa m'mizere. Mathirakitala okoka ngolo za masamba amatulukira pakona mosayembekezereka, makamaka miyezi yothyola kwambiri. Lamulungu ndiye kumakhala bata. Misewuyo imafanana yonse, choncho pamphambano iliyonse imani, cheukani, muone mmene njira yobwerera ikuonekera. Msewu waukulu wopita kuchipata cha Muloza uli ndi malole, ana asapalasemo.

Njinga muikonze kutatsala tsiku limodzi, osati m'mawa wa ulendo. Finyani mabuleki onse awiri n'kukankha njinga: tayala likamayendabe, malaba atha, sinthani. Popani matayala madzulo kuti m'mawa muone ngati lina laphwa. Donthezani oilo patcheni, mangani manati a kaliyala ndi a chishalo, ndipo chishalo cha mwana chitsike kufikira zala za kumapazi zikugunda pansi. Nyamulani pampu, zigamba, guluu, sipanala ndi masipuni awiri akale otsegulira tayala. Okonza njinga amapezeka pansi pa mtengo pamalo aliwonse a malonda, koma m'minda ya tiyi mulibe. Tayala likaphulika, tulutsani chubu, chipopeni pang'ono, chiviikeni m'madzi kapena chiyendetseni pafupi ndi tsaya kuti mupeze pamene pakutuluka mpweya. Palani pamalopo, pakani guluu wochepa, dikirani aume kufikira akungomata chala, ndiyeno matani chigamba n'kuchitsindira. Musanabwezere chubu, yendetsani chala m'kati mwa tayala mosamala. Munga umene unaboola nthawi zambiri umakhala ukadali momwemo, ndipo oiwala zimenezi amamata kawiri.

Ngozi yofala kwa mwana wokwezedwa pakaliyala ndi chidendene kulowa m'masipoko. Zimachitika m'kanthawi kochepa ndipo bala lake limachedwa kupola. Onani mmene akabaza amakonzera njinga zawo: khushoni pakaliyala, popondera mapazi, ndi chogwirira. Wowotcherera zitsulo aliyense angakuikireni zimenezi. Kenako dulani chigubu chakale n'kumangirira zidutswa zake mbali zonse ziwiri za tayala lakumbuyo kuti phazi lisafike kumasipoko. Mwana avale nsapato. Kumbukiraninso kuti kugwedezeka kwa njinga kumagonetsa mwana, makamaka pobwerera atakhuta. Muziyankhula naye, ndipo akasiya kuyankha imani. Wamng'ono kwambiri amangiriridwe kwa wopalasa ndi chitenje, nsonga zake zitapisiridwa bwino kuti zisakodwe m'tcheni. Zipewa zotetezera mutu, ngati zilipo zochepa, ziyambire ana.

Pamsewu wa tala palasani kumanzere, mondondozana, osati mogundana mapewa. Wamkulu mmodzi atsogole, wina atsekere kumbuyo. Pamlatho, pamsika ndi pamene paima minibasi, tsikani n'kukankha. Pamtsetse phunzitsani ana kuyamba ndi buleki yakumbuyo, yakutsogolo n'kuthandizira pang'onopang'ono. Wofinya yakutsogolo yokha pamiyala yosakhazikika amauluka kudutsa pahandulo. Mukasiya njinga n'kuyenda wapansi m'mbali mwa msewu, sinthani mbali: yendani kumanja, moyang'anizana ndi galimoto zobwera.

Njira zina zimadutsa pakati pa midzi, ndipo kumeneko mlendo amaonekera ndi khalidwe lake. Chepetsani liwiro, perekani moni, lizani belu mukadali patali kuti amayi osenza nkhuni asadzidzimuke. Mukaona masamba aikidwa pamsewu, pali maliro: nonse tsikani, vulani zipewa, kankhani njinga mwakachetechete mpaka mutapitirira masamba a mbali inayo. Ana a m'tauni ambiri sazidziwa zimenezi, afotokozereni musananyamuke. Kankhalango kowirira pakati pa minda kawirikawiri ndi manda, si pokapumira. Munthu, nyumba yake kapena ana ake musawajambule musanapemphe.

Ofuna kugona konko

Pa Likhubula pali malo ogona alendo, kuphatikizapo nyumba ya mpingo wa CCAP imene imalandira mabanja ndi magulu a achinyamata. Funsiranitu malo, makamaka mu Julayi, mwezi wa mpikisano wa Porters Race. Tsiku limenelo othamanga amanyamuka pa Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikiranso pomwepo, mtunda woposa makilomita 20, ndipo opambana amamaliza m'maola awiri ndi mphindi zingapo. Ana amasangalala kuonerera, koma anthu amachuluka, ndiye si tsiku lopita nawo kudziwe.

Ana akasinkhuka, a zaka 12 kupita m'tsogolo amene anayendapo ulendo wa kumathithi osadandaula, mukhoza kuganiza zokagona usiku umodzi kukanyumba ka ku Chambe. Ndi maola atatu kapena anayi okwera molimba kwa munthu wamkulu, kudzera njira ya Skyline kapena ya Chapaluka. Kumeneko kuli mlonda ndi nkhuni, koma ufa, ndiwo ndi zofunda n'zanu, ndipo m'miyezi yozizira madzi amatha kuundana usiku. Lembani wonyamula katundu mmodzi kapena awiri kuti inu manja akhale a ana. Za Sapitwa musazilowetse m'mapulani a banja; kumeneko kwatayika ndi kufa anthu akuluakulu amene anapita okha opanda wotsogolera.

Obwerera tsiku lomwelo asunge padera ndalama ya galimoto, m'thumba lina losiyana ndi la nanazi ndi ziboliboli. Galimoto zochokera ku Phalombe zimayamba kuchepa dzuwa likapendeka ndipo zambiri zimafika pa Likhubula zitadzaza kale, choncho banja la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi lifike pamsewu isanakwane 4 koloko, ana atavala kale zouma ndi majuzi awo.